Aphunzitsi Chikopa ndi Chaka Chimene Ndinkati N'chotaya

Lamulungu lapitali tinali ndi Misa yokumbukira kuti patha chaka chimwalirireni Aphunzitsi Chikopa. Titatuluka m'tchalitchi tinalowa m'holo ya parishi ku Blanchardstown, kuno ku Dublin, kukamwa tiyi, ndipo anthu anayamba kuimirira mmodzimmodzi kuwayamikira. Uyu akuti anali munthu wofatsa, uyo akuti sanayambanepo ndi munthu. Ine ndinangozyolikira m'kapu kuti anthu asaone kuti ndikuseka. Wofatsa wake uti? Bambo amenewo ndinatha nawo miyezi itatu ndikuwapatsa moni wachiphamaso, ndipo miyezi yonseyo sanasunthe ngakhale pang'ono. Maliro amasalaza munthu, ndikudziwa. Koma amene ndikuwasowa ine ndi amakani aja, ndiye ndilemba za iwowo.

Kwawo kunali ku Ntcheu, kumene anaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri. Ku Dublin anabwera motsatira akazi awo, Anaphiri, amene anapeza ntchito ya unamwino pachipatala chachikulu cha m'dera la Dublin 8, pomwe inenso ndimagwira. Mapepala awo a uphunzitsi kuno sanawathandize, choncho analowa ntchito yokankha mabedi ndi njinga za odwala pachipatala pomwepo mpaka kupuma. Bedi sankathamanga nalo ngakhale wina awakalipire. Ankati munthu wogona chagada akuona magetsi a kudenga akudutsa ali kale ndi mantha okwanira, ndiye ankayenda naye mwakachetechete akumufunsa za ana ake ndi za mpira. Choko sanachigwirenso, koma dzina silinawachoke. Ngakhale anzathu a ku Zambia, amene sanawaonepo ali m'kalasi, ankawaitana kuti a Ticha.

Pakhosi pawo pankalendewera wotchi yachitsulo yoyezera liwiro, ija yodina pamwamba, yomangidwa pa chingwe cha nsapato. Ankayeza chilichonse. Ankayeza basi, ankayeza mzere wa ku kantini, ankayeza zolankhula za pa ukwati. Ulaliki ndiye osanena. Bambo mfumu athu, amenenso ndi a kumudzi, akangotsegula pakamwa kuti ayambe kulalika, tinkamva kuti "tche" kumpando wachitatu. Potuluka Aphunzitsi ankawagwira chanza pakhomo n'kuwauza mwaulemu wonse kuti lero mwapitirira ndi mphindi zinayi, pomwe mfundo munali mutaimaliza kale. Bambo mfumu anadandaula kangapo, kenaka anangozolowera, moti pa Misa ya maliro anaulula paguwa kuti akuopa kutalikitsa.

Mwana wanga Tadala anayamba kuthamanga ali ndi zaka khumi, m'kalabu ya m'dera lathu. Aphunzitsi sanali kochi wake. Kochi analipo, mayi wina wa konkuno. Iwo ankangobwera, kaya kuli mvula kaya mphepo, atavala chipewa chaubweya chobiriwira, atanyamula ambulera yothyoka mawaya awiri. Makolo tonse tinkaunjikana pomalizira mpikisano, pamene pali mipando ndi denga. Iwo ayi. Ankapita mbali ya kuseri kwa bwalo, pa mpanda wachitsulo pamene sipakhala oonerera, n'kumangirira ambulera yawo pamenepo ndi kachingwe. Ankati pomalizira oomba m'manja alipo kale ambiri. Mwana amafuna munthu pamene miyendo yayamba kukana ndipo palibe akumuona.

Wotchi ija sankayezera liwiro la Tadala. Ankati imeneyo ndi ntchito ya makina. Iwo ankadina mwana akangodutsa pomalizira, n'kudikira. Tadala ankayenera kuyenda kuzungulira bwalo mpaka pa mpanda paja, n'kuwapatsa moni wonse m'Chichewa, osadukiza ndi wefuwefu: "Mwaswera bwanji, Malume? Ine ndaswera bwino. Azakhali mwawasiya bwanji kunyumba?" Akadukiza pakati, ankamuuza kuti apume, ayambirenso. Akamaliza bwinobwino, ndiye "tche". Chiphunzitso chawo chinali choti wothamanga sumamudziwira pa liwiro, koma pa nthawi imene amatenga kuti abwerere m'chimake. Ana athu obadwira kuno amamva Chichewa n'kumayankha m'Chingerezi, koma Tadala moni wokha amaudziwa ngati wakulira ku Dedza.

Za umalumewo ndifotokoze. Kwathu nkhani yaikulu ya mwana saithetsa mayi ndi bambo okha. Pamakhala mwini mbumba. Wa ine ndi achimwene anga a ku Dedza. Tadala ali wamng'ono, achimwenewo anatopa ndi kuweruza pa foni nkhani za dziko limene sanalionepo, ndipo anapempha Aphunzitsi kuti aziwaimira. Ine ndinavomera ndi manja awiri, ndikuganiza kuti ndi ulemu chabe, wokaonekera pa ubatizo ndi pa ukaristia woyamba. Sindinadziwe kuti bambowa udindowo autenga ngati lamulo la m'Baibulo.

Nkhondo yathu inabuka Tadala ali ndi zaka 15. Kuno mwana akalemba mayeso a chaka chachitatu cha sekondale, pali chaka china chotchedwa Transition Year. Mulibe mayeso m'menemo. Ana amapita kukaonera ntchito m'maofesi ndi m'masitolo, amachita zisudzo, amakwera mapiri. Pasukulu ya Tadala chinali chosakakamiza: ukafuna umachidumpha, n'kulowa zaka ziwiri zomaliza, n'kulemba mayeso omaliza a Leaving Cert anzako atatsala ndi chaka. Nthawi yomweyo kochi anatiuza kuti makoleji a ku Amereka amatenga ana othamanga ngati Tadala n'kuwaphunzitsa ulere, ndipo kochi wina kumeneko anali ataona kale kanema wake n'kufunsa kuti amaliza liti sukulu.

Ine ndinabwereza Sitandade 8 kawiri ndisanasankhidwe. Munthu wotero ukamuuza kuti mwana wake akhoza kudumpha chaka, samvanso china. Ndinaona kuti Tadala akadumpha, akwera ndege ali ndi zaka 17, bondo lisanavulale, wa ku Amerekayo asanaone mwana wa munthu wina. Bambo ake anangoti zili kwa ine, monga amanenera pa chilichonse. Tadala ndinamufunsa ndikutsuka mbale, nditamufulatira, ndipo anayankha kuti okay. Fomu ndinaidzaza. Kwa Aphunzitsi ndinangopita kukawadziwitsa, kuti mwambo ukwanire.

Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati ayi. Sanakweze mawu. Anati miyendo ya mwanayo yakhwima, koma iwo sakudziwa ngati mwini miyendoyo wakhwima, ndipo monga malume sangavomereze chinthu chimene sakuchidziwa. Ndinawaponyera zonse zimene ndinkazidziwa, kuti pakadafunda padajiwitsa galu, kuti mwayi subwera kawiri. Iwo anangoti chaka sichiola. Pamenepo ndinapsa mtima, ndipo ndinanena mawu amene mpaka lero amandiwotcha.

"Aphunzitsi, inu mwatha zaka zonsezi mukukankha mabedi. Mukufuna mwana wanganso akalambire pompano?"

Anandiyang'ana, n'kuyang'ana wotchi yawo, ngati akuyeza kuti manyazi andigwira pakatha nthawi yaitali bwanji.

"Nabanda, tiyi wanu wazizira," anatero.

Ndinatuluka osamwa. Fomu ija ndikanatha kuipereka m'mawa mwake, pakuti sukulu za kuno sizidziwa za amalume. Koma ndinaleredwa ku Dedza, ndipo dzanja linkalemera. Inakhala pamwamba pa firiji, tsiku lomaliza loperekera likuyandikira. Kutchalitchi ndinasamukira mbali ina. Ku bwalo ndinkawaona patali, kachipewa kobiriwira kali pa mpanda, ndipo ndinkatembenuka. Iwo osatekeseka. Tikakumana ankavula chipewa n'kundifunsa kuti ndadzuka bwanji, bambo a Tadala adzuka bwanji, a ku Dedza akumveka bwanji, mpaka moni wonse uthe. Palibe chowawa ngati kukwiyira munthu amene akukupatsabe ulemu.

Anaphiri ndi amene anandikhazika pansi, tsiku lina masana pa nthawi yopuma kuntchito. Anandifunsa ngati ndikudziwa kumene wotchi ija inachokera. Ali mwana, Aphunzitsi anali ndi nzeru zoopsa, moti ku pulayimale anawadumphitsa makalasi kawiri. Mudzi wonse unanyadira. Anafika ku sekondale yogonera komweko ali ndi zaka 12, pakati pa anyamata andevu amene anabwereza Sitandade 8 kangapo. M'kalasi ankawaposa onse. Kunja kwa kalasi ankawachapira zovala, kuwatungira madzi, ndi kulirira m'bulangete. Anathawa katatu, wapansi, kulowera kwawo. Kachitatuko wansembe wina wa ku Ireland, amene ankaphunzitsa pasukulupo, anawalondola pa njinga yamoto n'kuwapeza ali kutali zedi, ndipo m'malo mowakwapula anadabwa kuti kamwana kotere kafika bwanji pamenepa. Anawalowetsa m'timu ya othamanga, ndipo pobwerera kwawo anawasiyira wotchi. Koma sukulu inali itawawawira kale. Mayeso omaliza sanakhoze monga anthu ankayembekezera, ndipo ku yunivesite sanapite. Anaphiri anati amuna awo nkhaniyi ankainena mwa apo ndi apo, ndipo ankaimaliza mofanana nthawi zonse: kuti mutu unafika msanga, mwini wake n'kutsalira m'njira.

Ndinamva chisoni, ndinamvanso manyazi, koma sindinagonje. Ndinati Tadala si iwowo, ndipo Amereka si sekondale ya kalekale. Chodabwitsa n'choti uthengawo utawafika, Aphunzitsi anavomera kuti pamenepo ndanena zoona. Anabwera kunyumba ndi ganizo. Loweruka lina kunali mpikisano ku Cork, mzinda wakutali ndi Dublin. Nthawi zonse Tadala ndinkamuperekeza ine pa galimoto, nditanyamula nsapato, madzi, nthochi ndi mapini omangira nambala pa malaya. Iwo anati ulendo uno apite yekha pa sitima, adzilongedzere yekha, akapezane ndi kochi komweko, ife osamuimbira foni. Akapita n'kubwera bwino, iwo asiya makani.

Ndinamusiya pa siteshoni ya Heuston m'mawa, n'kupita kuntchito mtima uli m'mwamba. Zimene sindinadziwe n'zoti mwini ganizo uja anali m'sitima yomweyo, mabogi awiri kumbuyo, atabisala kuseri kwa nyuzipepala.

Zimene zinachitika ku Cork anandifotokozera okha m'mawa mwake titachoka kutchalitchi, atakhala pabalaza pathu, Tadala ali pambali bondo lili ndi bandeji. Mwana anatsika bwino, anapeza basi, anadya pa nthawi yake, sanaiwale ngakhale pini. Mpikisano ndi umene unavuta. Pa kona yomaliza anakolana miyendo ndi mnzake n'kugwa. Anadzuka bondo likutuluka magazi, n'kufika womalizira. Aphunzitsi, ali kuseri kwa chipilala cha malo okhala oonerera, anadina wotchi. Tadala anayenda kuzungulira bwalo lachilendolo mpaka mbali ya kuseri, pa mpanda pamene panalibe munthu, n'kugwira chitsulo. Sanapite kwa kochi, sanatenge foni. Anangoima pamenepo akulira.

"Ndinati ndione kuti abwerera yekha pakatha nthawi yanji," anatero Aphunzitsi. "Nabanda, ndinafika six minutes. Ya seven amene analephera ndine."

Anatuluka kuseri kwa chipilala kuja n'kupita kwa mwana. Tadala sanadabwe n'komwe. Anawauza kuti anawaona kale ku Heuston, chifukwa mu Dublin monse mulibe munthu wina wa chipewa chotero ndi ambulera yothyoka, ndipo pa mpandapo ankadikira iwowo kuti atope kubisala. Kenaka anapuma, n'kuwapatsa moni wonse.

Ndinaseka mpaka misozi, koyamba m'miyezi itatu. Ndiye ndinafunsa kuti chigamulo n'chotani. Anati mayeso awonongeka, ndipo amene wawaononga ndi woyang'anira mayeso. Ulendo wokha mwana wautha. Pa zimenezo agonja, ndipo ndikafuna kupereka fomu iwo sanenanso kanthu. Koma anati pali munthu mmodzi amene tonse awiri takhala tikumuyeza osamufunsa. Anatembenuza mpando wawo kuyang'ana Tadala, n'kundiuza kuti nanenso nditembenuke.

Tadala anayamba m'Chingerezi. Anati ku Amereka akufuna kupita ndithu, ndipo tsiku lija anati okay chifukwa anamva mmene mawu anga ankakondwera. Kenaka, akusewera ndi bandeji, anasintha chilankhulo.

"Mum, ndikagwa kumeneko, ndipita pa fence ya ndani?"

Ndinali nditaganiza za bondo, za ndege, za kochi wa ku Amereka, koma zimenezo ayi. Ndinatenga fomu pamwamba pa firiji n'kuiponya m'dirowa, ndipo Tadala analowa Transition Year.

Pepani sindinanene, ndine mwana wa amayi anga. Ndinawagulira ambulera yatsopano, yaikulu, yakuda. Anathokoza kwambiri, n'kukaisunga m'kabati, n'kupitiriza kuyenda ndi yothyoka ija. Tinamvana choncho.

Musaganize kuti zitatero anakhala pansi. Chaka chimene ine ndinkati n'chotaya, iwo anachigwiritsa ntchito kumusiyitsa Tadala, monga mayi asiyitsira mwana bere. Mpikisano wina ankabwera, wina osabwera, osanena kalikonse. Tadala akakwiya ankamuuza kuti basi inachedwa, ngakhale tonse tinkadziwa kuti munthu woyeza mabasi sangachedwe. Anamuphunzitsa kudziwerengera yekha mpweya, kudzimanga bondo, ndi kupita kukapereka moni kwa amene wamugonjetsa. Anamuuzanso kuti kulikonse kumene adzapite, sabata yoyamba adzafunefune munthu mmodzi wachikulire, kaya wosesa kaya wophika, woti azimupatsa moni tsiku ndi tsiku. Nthawi yokaonera ntchito itakwana, Tadala anasankha nyumba yosamalira okalamba ku Coolock, ndipo anabwerako akudziwa kudyetsa munthu ndi supuni mosamuchititsa manyazi.

Matenda a m'mapapo anawagwira Aphunzitsi pamene Tadala anali m'chaka chomaliza cha sekondale, chaka chimene mwa mapulani anga akanakhala ali kale ku Amereka. Anagonekedwa pachipatala chathu chomwechi, ndipo anzawo amene ankagwira nawo ntchito ndi amene ankawakankha, mwakachetechete monga anawaphunzitsira. Tadala ankabwera akaweruka, chikwama cha mabuku chili kumsana. Tsiku lina ndili pa ntchito ndinasuzumira m'wodi, n'kumupeza ataima pambali pa bedi akuwapatsa moni uja. Aphunzitsi anayamba kuyankha, koma asanafike pakati mpweya unawathera. Anayesanso, osatheka. Tadala anatenga wotchi pa kabati, n'kuifumbata.

"Pumani, Malume. Muyambirenso. Ine ndilipo."

Ndinabwerera chambuyo n'kukalirira m'chipinda chosungiramo nsalu. Mwana ameneyu, ndikanapambana ine, zimenezi akanazimvera pa foni, ali yekha m'chipinda cha ku koleji, ali ndi zaka 17. Aphunzitsi anamwalira patatha sabata ziwiri, ndipo Tadala analira maliro pakati pa anthu ake.

Mayeso analemba, anakhoza, ndipo mu Ogasiti anakwera ndege. Kochi wa ku Amereka uja anadikira, bondo silinavulale. Sindikunena kuti mwana aliyense azidikira. Wa mnzanga wina wa ku Zambia anadumpha chakacho ndipo zikumuyendera bwino. Ndikunena za wanga. Munthu wachikulire uja anamupeza, mayi wina wa ku kantini ya koleji, amene akuti amamusungira nthochi. Akamaliza mpikisano amanditumizira uthenga wa mawu akadali wefuwefu, ndipo ndimamva akupuma, akuyambiranso, mpaka moni utuluke wonse. Malume sanawachotsemo m'moniwo.

Wotchi Anaphiri anapereka kwa ine, osati kwa Tadala. Anati ndi mmene mwini wake ananenera. Mpaka pano sindikudziwa ngati kunali kundikhululukira kapena kundiseleula, koma powadziwa bambowa ndikukhulupirira kuti zinali zonse ziwiri.

Titamaliza tiyi Lamulungu lija sindinapite kunyumba. Ndinayendetsa galimoto mpaka ku bwalo. Kunali ana aang'ono akuthamanga, makolo ataunjikana pomalizira pansi pa denga. Ndinazungulira kupita kuseri. Pa chitsulo cha mpanda pali malo awiri pamene penti inachoka, pomwe ankatsamira ndi zigongono, ndipo kachingwe ka ambulera kakadali pomwepo, kada ndi mvula. Udzu umene anaupondereza zaka zonse zija wameranso. Sindinathe kupondapo. Ndinaima pambali pake, n'kutsegula uthenga wa Tadala wa dzulo lake. Anafunsa Malume kuti aswera bwanji, anafunsa za Azakhali kunyumba, osadukiza paliponse. Ndinadina wotchi.

Kamtsikana kena kamene kanatsalira m'mbuyo kanadutsa kakukoka miyendo. Mbali yonse ya kuseriyo, kuchokera pa kona mpaka pa kona, panalibe munthu koma ine, ndipo pakati pa ine ndi kachingwe kaja panali mpata wokwana bambo mmodzi wamakani ndi ambulera yake.